Musanakhulupirire chidule cha AI, tsegulani tsamba limene yatchula

Pa ntchito yanga yowerengera ndalama za makopaletivu ndi mabungwe ang'onoang'ono, ndayamba kuona chinthu chimene zaka zochepa zapitazo kunalibe. Msungichuma akabwera ndi pangano la ngongole kuti tiunikire limodzi, amabweranso ndi pepala lachiwiri, lomwe ndi chidule chimene wachipeza atalowetsa panganolo mu pulogalamu ya AI, imene imayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, monga ChatGPT, Gemini, Claude kapena Copilot. Sindimudzudzula, chifukwa masamba makumi atatu olembedwa m'Chingerezi cha maloya amatopetsa ngakhale ife amene tinazolowera, ndipo mapulogalamuwa amathandizadi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri pepala lachiwirilo limakhala litawerengedwa mpaka kutha m'makona, pamene panganolo, limene munthuyo adzasainire, likadali loyera ngati silinagwiridwepo.

Kuti timvetse pamene pali ngozi, tiyenera kudziwa mmene pulogalamu yotereyi imawerengera. Mukalowetsa fayilo, imayamba yatulutsamo mawu, kenako imawaduladula kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo polemba yankho imasankha kachidutswa kamodzikamodzi kamene kakuoneka koyenera kutsatira, potengera chikalata chanucho komanso zolembedwa zambirimbiri zimene inaphunzirapo ikupangidwa. Mbali yachiwiriyi ndi imene anthu ambiri sayiganizira. Mukafunsa kuti pali chilango chotani mukabweza ngongole nthawi isanakwane, koma pangano lanu silinanenepo kanthu pa zimenezo, pulogalamuyo ikhoza kukuyankhani ndi zimene mapangano ambiri amanena, ndipo idzazilemba mwaulemu ndi mosakayika ngati kuti yaziwerenga pa tsamba lanu.

Izi zinaonekera poyera mu 2023 ku New York, pa mlandu umene munthu wina anasumira kampani ya ndege ya Avianca. Maloya ake anapereka kukhoti milandu isanu ndi umodzi yakale yoti itsimikizire mfundo zawo, koma milanduyo sinachitikepo, inali yopekedwa ndi ChatGPT, ndipo woweruza P. Kevin Castel anawalipiritsa madola 5,000. Maloyawo anangofunsa pulogalamuyo popanda kuipatsa chikalata, ndipo n'zoona kuti kuipatsa chikalata kumachepetsa kupeka kotereku, koma sikukuthetseratu.

Mtundu wa fayilo umene mwalowetsa uli ndi mbali yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Pali PDF imene inachokera pa kompyuta mwachindunji, yomwe mawu ake mungathe kuwasankha ndi kuwakopera, ndipo palinso PDF imene ndi chithunzi chabe cha pepala, chojambulidwa ndi foni kapena sikana. Pa mtundu wachiwiriwu pulogalamu imayenera kuyamba yazindikira zilembo pa chithunzicho, ndipo apa ndi pamene mapepala athu a masiku onse amavutira. Chidindo chimagwera pamwamba pa nambala, lisiti la kaboni limakhala litafwifwa, mlembi wina amalemba 1 wofanana ndi 7, ndipo pepala lopindika pamalo amodzi likhoza kubisa ziro mmodzi n'kusandutsa K1,500,000 kukhala K150,000. Munthu akakayika amayandikitsa pepala kumaso kapena kufunsa mnzake, pamene pulogalamu kawirikawiri imangosankha nambala imodzi n'kupitirira osakuuzani kuti inakayika. Matebulo nawonso amasokonekera, makamaka sitetimenti ya kubanki, kumene ndalama zolowa ndi zotuluka zimasiyanitsidwa ndi mpanda umene nambala yakhalamo basi. Ngati fayilo ya Excel ilipo, lowetsani imeneyo m'malo mwa chithunzi chake.

Kutalika kwa chikalata ndi nkhani inanso. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023, wotsogoleredwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Stanford, anasonyeza kuti mapulogalamu a nthawi imeneyo ankapeza msanga mfundo imene ili kumayambiriro kapena kumapeto kwa zolembedwa zazitali kusiyana ndi imene ili pakati. Mapulogalamu apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, komabe ena, akapatsidwa fayilo yaikulu, sayiwerenga yonse nthawi imodzi, amangotolamo ndime zimene zikuoneka zogwirizana ndi funso lanu. Tsono m'mapangano a ngongole ndime zowawa sizikhala pa tsamba loyamba. Zimakhala mkatikati, kapena m'zowonjezera za kumapeto zimene zimanena za chikole, za ndalama zolipira pokonza ngongoleyo, ndi za ufulu wa wobwereketsa wosintha chiwongoladzanja.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka ndi cha chiwongoladzanja chomwecho. Tiyerekeze kuti gulu labwereka K1,000,000 pa 5 peresenti pamwezi kwa miyezi khumi ndi iwiri. Ngati chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, mudzalipira K600,000 yapamwamba. Ngati chikuwerengedwa pa ndalama imene yatsala mwezi uliwonse, ndipo mukubweza mofanana mwezi ndi mwezi, mudzalipira pafupifupi K354,000. Kusiyana kumeneku, kopitirira K240,000, kumabisala m'mawu awiri kapena atatu a m'ndime imodzi, ndipo chidule chonena kuti "chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi" sichinaname, koma chasiya chinthu chenicheni chimene gulu limayenera kudziwa lisanavomere.

Pa chifukwa chimenechi, ine ndimalangiza kuti pulogalamuyi muziigwiritsa ntchito ngati mnzanu wokulozerani pamene nkhani ili, ndipo kuwerenga kwenikweni muzichita nokha. M'malo moiuza kuti ifupikitse chikalata chonse, ifunseni funso limodzi lolunjika, ndipo muiuze kuti ikopere mawu enieni a m'chikalatamo, itchule tsamba ndi nambala ya ndime, ndiponso kuti ngati nkhaniyo mulibe inene mosabisa kuti mulibe. Ikayankha, tsegulani tsamba limenelo muone ndi maso anu ngati mawuwo alipodi, kenako muwerenge ndime ya pamwamba ndi ya pansi pake, chifukwa mawu akuti "pokhapokha" nthawi zambiri amakhala m'chiganizo chotsatira. Kuchita zimenezi kumatenga mphindi zochepa poyerekeza ndi kuwerenga masamba onse mwakhungu. Pa masamu, iuzeni kuti isonyeze njira imene yatsata, ndipo zotsatira zake muzibwereze pa Excel kapena pa kakyuleta, popeza pulogalamu yolemba mawu ikhoza kuphonya kuphatikiza kwa manambala ambiri ngati sinagwiritse ntchito chida chowerengera.

Palinso funso limene liyenera kubwera musanalowetse fayilo n'komwe, lakuti chikalatacho ndi cha ndani. Fayilo ikalowa, imachoka pa foni yanu n'kupita pa makompyuta a kampani imene ili kunja kwa dziko, ndipo pa maakaunti ena zimene mwatumiza zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa pulogalamuyo ngati simunatseke pa zosankha zake. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT pa zipangizo za kampani, ena atalowetsamo zinsinsi za ntchito. Kuno ku Malawi tili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, ndipo ndandanda ya malipiro, manambala a ziphaso za unzika kapena zikalata za kuchipatala za mamembala si zinthu zimene msungichuma angapereke kwa wina aliyense chifukwa chakuti zili m'kabati yake. Fufutani mayina, manambala a foni ndi a akaunti musanatumize, chifukwa kuti pulogalamu ikufotokozereni ndime ya chikole siyifunika kudziwa dzina la wobwereka.

Zikalata za m'Chichewa zimafuna kusamala kowonjezera, popeza mapulogalamuwa anaphunzira pa zolembedwa zochepa kwambiri za chinenero chathu poyerekeza ndi Chingerezi. Mabuku a misonkhano ya banki m'khonde amalembedwa ndi manja, mofupikitsa, mosakaniza zinenero ziwiri, ndipo chiganizo ngati "sanabweze" chikhoza kutanthauza kuti munthuyo walephera kubweza kapena kuti tsiku lake lobwezera linali lisanafike. Pulogalamu idzasankha tanthauzo limodzi n'kuika dzina la mayi wina pa ndandanda ya olephera. Ndandanda yotere isanawerengedwe pamaso pa gulu, ipite kaye kwa mlembi amene analemba bukulo, ayang'ane dzina lililonse pamodzi ndi tsiku limene linalembedwa.