Bondo la Falcao, ndi inu amene mumati kutupa kukaphwa ndiye kuti mwachira

Ndatopa nayo nkhani yoti Falcao "anangotha basi" atapita ku England, ngati kuti munthu anadzuka m'mawa n'kuiwala kumene kuli golo. Ine ndine physio, mawondo a anyamata ampira ndiye ntchito yanga, ndiye ndikamaona zimenezi zikulembedwa pa Facebook ndimangodziwa kuti sizoni ya 2013/14 ya ligi ya ku France anthuwa sanaitsatire.

Chaka chimenecho Monaco inali itangokwera kumene kuchokera mu Ligue 2, mwini wake Dmitry Rybolovlev wa ku Russia n'kuthira ndalama zosayamba, kugula Radamel Falcao ku Atletico Madrid pa mayuro pafupifupi 60 miliyoni, James Rodriguez ndi Joao Moutinho kuchokera ku Porto, kochi ali Claudio Ranieri. Anathera pa nambala 2 ndi mapointi 80, PSG ya Zlatan Ibrahimovic n'kutenga ligi ndi 89, koma pafupifupi theka lonse lachiwiri Monaco inasewera popanda Falcao. Pa 22 Januwale 2014, mu Coupe de France, akusewera ndi katimu kakang'ono ka ku Chasselay, iye atagoletsa kale, anamutchera mwendo m'bokosi ndipo mtsempha wa mkati mwa bondo lakumanzere, ACL ija, unaduka. Anali ndi zigoli 9 mu ligi.

Pasanathe sabata anali atamuchita opaleshoni ku Porto, dziko lakwawo lonse la Colombia likuwerenga masiku chifukwa World Cup ya ku Brazil imayamba mu Juni. Munthu wa ndalama, madokotala apamwamba, makina onse alipo, ntchito yake kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kulimbitsa bondo basi, komabe kochi wa Colombia Jose Pekerman anamusiya chifukwa miyezi inayi ndi theka si kanthu pa ACL. Dokotala amatenga kamtsempha kena m'thupi lanu lomwelo, kuseri kwa ntchafu kapena kutsogolo kwa bondo, n'kukaika mmalo mwa koduka kaja, ndipo kamafooka kaye kasanayambe kulimba, ndiye nthawi imene inu mukumva kuti ululu watha mutha kuthamanga ndi nthawi imenenso bondolo lili pangozi. N'chifukwa chake timakakamira pa miyezi 9 mpaka chaka.

Falcao anabwerera m'bwalo mu Ogasiti, miyezi 7 isanakwane, n'kupita ku Manchester United pa loni komwe anagoletsa zigoli 4 zokha mu ligi, ku Chelsea chimodzi, ntchafu ikumuvutanso. Kwa ine apa palibe chodabwitsa, minofu imakhala itaphwa, mwendo winawo ukusenza katundu wa miyendo iwiri, mutu nawo sunayambe kulikhulupirira bondolo potembenuka. Falcao weniweni tinadzamuonanso mu 2016/17, zigoli 21 mu ligi, Monaco ya Leonardo Jardim ndi kamnyamata Kylian Mbappe ikulanda ligi kwa PSG ndi mapointi 95 ndi zigoli 107. Werengani nokha kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji.

Nanga inu achimwene mumasewera pa bwalo lafumbi lokumbikakumbika, mwamva kuti "thwa" m'bondo, latupa madzulo omwewo, pakatha masabata atatu kutupa kwaphwa mwavala jezi eti mwachira? Pali mnyamata wina amene mpaka pano amandiwawa mumtima, winga waliwiro koopsa, anandipeza patatha miyezi yambiri chivulalire, bondo lonse lazungulira mphini zakuda ndi mankhwala opaka, akuti anamuuza kuti mnzake wolimbirana naye nambala anamutchera. Wina anamukoka mwendo kuti auwongole, winanso amamubaya jekeseni yopha ululu gemu isanayambe. Nditagwira msongolo n'kuukokera kutsogolo unangotsetsereka ngati dilowa yopanda chotsekera, iye n'kumaseka kuti sizikupweteka. Kusapweteka kumeneko ndi kumene kunamupweteka, chifukwa nthawi yonse imene bondo limagwedera limadya meniscus, kachichereche kamene kamatchinjiriza mafupa kuti asakhulane, moti pofika kwa ine bondo linali likumangika lokha pokwera masitepe. ACL yokha tikanailimbana nayo, koma chichereche chikatha sichimeranso ayi, ndipo nyamakazi imamupeza munthu asanakwane zaka 40.

Makochi a matimu am'madera, inunso ndikukupemphani, siyani kumuuza mwana kuti alimbe mtima chifukwa Loweruka kuli bonanza. Ndipo musamanditumizire X-ray n'kumati aona kuti palibe chathyoka, X-ray imaona mafupa, mtsempha umafuna manja a munthu wodziwa kuyeza kapena MRI, makina ojambula amene amaonetsa ndi mitsempha yomwe. Si aliyense amafunika opaleshoni, ena timawalimbitsa minofu n'kumayenda bwinobwino, koma zimenezo azigamule ndi amene anaphunzira ntchitoyi, osati wothowa ndi madzi otentha amene akungowonjezera kutupa. Likatupa tsiku lomwelo ikani ayisi wokulunga pansalu, kwezani mwendo, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo ngati mwatemera kale mphini, bondo latentha, lafiira, thupi likuphwanya ndi kutentha, musadikire kuti kuche, mafinya akalowa m'kati mwa mfundo amawononga chichereche m'masiku ochepa chabe.