Webusaiti ya ntchito zanu sifuna katswiri wa makompyuta

Amisiri ambiri ku Kasungu, kaya ojambula zithunzi kapena osoka zovala, amakhulupirirabe kuti webusaiti ndi ya makampani a ndalama zambiri ndi odziwa kulemba mapulogalamu. Zimenezo n'zakale. Google Sites, njira yopangira webusaiti, ndi yaulere, imangofuna akaunti ya Gmail, koma kuti muikonze bwino pamafunika kompyuta. Njira ina, WordPress.com, imathekanso pafoni. Cholipira chaka ndi chaka ndi adiresi yanuyanu ya pa intaneti, ngati mwaifuna.

Masamba atatu akukwana: za inu, ntchito zanu, ndi mmene angakupezereni. Musaike zonse zomwe munapangapo. Zitsanzo 10 zabwino zikwanira.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pazithunzi. Chithunzi cha pafoni chimatha kufika 4 MB, ndiye kasitomala wa ku Santhe kapena ku Chamama, netiweki ikamavuta, amatseka tsambalo lisanatseguke, bandulo itapita kale. Chepetsani chithunzi chilichonse chisapose 300 KB. Pa linki ya WhatsApp lembani wa.me/265 kenako nambala yanu, mutachotsa 0 woyamba. Mukapanda kumuchotsa, linkiyo sigwira. Pa Google Sites, mukasintha kanthu dinani batani la Publish, apo ayi anthu aziwonabe zakale.