Ndi zala chabe, koma si paliponse posindikiza

Anthu ambiri amati acupressure, njira yochokera ku China yosindikiza malo ena a thupi ndi chala, singavulaze munthu poti palibe singano kapena mankhwala. Ndiye amangosindikiza paliponse, kaya ndi mayi woyembekezera kaya ndi khanda. Kulakwa kuli pamenepo.

Kwa mayi wovutika ndi mseru pali malo otchedwa P6, mkati mwa mkono, zala zitatu kuchokera pamfundo ya dzanja. Ena akasindikizapo amapezako bwino, ndipo ngozi yake n'njochepa. Koma ngati akusanza mpaka madzi osakhazikika m'mimba, ameneyo apite kuchipatala.

Malo a SP6, pamwamba pa kakolo, ndi LI4, pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, odziwa njirayi amawapewa kwa oyembekezera poopa kuyambitsa kubereka nthawi isanakwane. Umboni wake ngofooka, komabe palibe chifukwa choyesera. Chimene chimandiopsa ine n'china: mwendo umodzi wotupa, wotentha, wopweteka pakatumba. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita kungasunthe magaziwo n'kukatseka m'mapapo.

Kwa mwana, paliwombo musasindikizepo n'komwe. Ndi pofewa mpaka miyezi pafupifupi 18. Likalowa mkati mwana akutsegula m'mimba, nthawi zambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika 38°C, thamangani nalo kuchipatala tsiku lomwelo.