Manja osweka a anamwino ndi nkhani ya odwala nawonso

Kuno ku Salima ndimaona anzanga ambiri pa ntchito, anamwino, ma attendant, ngakhale aku lab, manja awo otuwa, pakati pa zala pakusupuka, kuyabwa kosaleka, ena mpaka timing'alu totuluka magazi. Imeneyi ndi eczema ya m'manja ndipo imabwera ndi ntchito yomweyi, kusamba m'manja kambirimbiri, sopo, madzi a klorini aja tinawazolowera nthawi ya kolera 2022 mpaka 2023, kenako magolovesi pa kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala, ukamavula thukuta likuchita kudontha, zala zitachita makwinya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, ife timangoti staph. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amakhala nako m'mphuno osadwala. Pa khungu labwinobwino la m'manja sikakhalitsa, ukasamba kamachoka. Koma khungu likasweka kamapeza pomata, kamaswana m'ming'alu muja, ndiye olo usambe bwanji kena kamatsalabe. Mwini manja sadziwa kanthu. Manja omwewo ndi amene akuika kanula (kapaipi kolowetsa mumtsempha), akutsuka bala la mayi wa siza, akugwira mchombo wa khanda. Pali mtundu wina wa staph, MRSA, womwe mankhwala opha tizilombo a cloxacillin saugwira n'komwe.

Ndiye ambiri amati sanitaiza ndi amene akuwaononga chifukwa amawawa pabala, nkubwerera ku sopo. Ayi ndithu. Kuwawako kukusonyeza kuti khungu linasweka kale. Sopo ndi madzi ndi zimene zimachotsa mafuta a pakhungu kwambiri, sanitaiza wa m'chipatala amakhala ndi glycerol, wothandiza kuti khungu lisaume. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kupaka sanitaiza masekondi 20 mpaka 30 kwakwana ngati m'manja mulibe litsiro looneka. Sopo musungire pamene mwagwira magazi, chimbudzi kapena mwachokera ku toileti, ndipo musaphatikize sopo ndi sanitaiza nthawi imodzi.

Manja aume kaye musanavale magolovesi, mukamaliza ntchitoyo vulani. Vaseline dzolani mukaweruka ndi pogona, osati mkati mwa magolovesi a latex, amawafoola. Kunyumba safu wochapira uja amaonjezera vuto, pemphani wina akuthandizeni kuchapa masiku amene manja asweka.

Pakayamba kutuluka madzi, mafinya kapena nkhanambo zachikasu, musabise chonde. Onanani ndi a clinician akupatseni mankhwala opaka oyenera, muuzenso a in-charge (mkulu wa pawodi) akusintheni kaye ku mabala ndi ku nursery (wodi ya makanda) mpaka manja apole.