Kodi anthu angavote kuti mfumu ibwerere pampando?

Ndimaphunzitsa za malamulo oyendetsera dziko kuno ku Blantyre, ndipo funso ili anandifunsa ndi wophunzira wanga titaima pasiteji ya minibasi ku Ginnery Corner. Ndinamuyankha kuti inde, zimatheka, koma choyamba tidziwe kuti mfumuyo tikuipatsa mphamvu zotani.

Ambiri tinaiwala kuti dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo ankawaimira kuno anali Sir Glyn Jones. Tinakhala ripabuliki pa 6 July 1966. Zimenezo zinadutsa ku Nyumba ya Malamulo, anthu wamba sanafunsidwe. Tsiku limene tinafunsidwa ndi 14 June 1993, pamene aliyense anasankha pakati pa tambala wakuda, woimira chipani chimodzi, ndi nyali, yoimira zipani zambiri. Mayi anga mpaka lero akamanena za tsikulo amayamba ndi kutalika kwa mzere, ndi mmene dzanja linkanjenjemera.

Chaka chomwecho ku Brazil anafunsa anthu ngati akufuna ufumu ubwerere, koma ambiri anakana. Ku Italy mu 1946 anavota kuthetsa ufumu, Mfumu Umberto II n'kuchoka m'dzikomo. Spain inabwezeretsa ufumu mu 1975, anthu n'kudzavomereza malamulo atsopano pa riferendamu ya 1978.

Apa ndi pamene ndimafuna tizimvetsana. Mawu oti mfumu amabisa zinthu zosiyana kwambiri. Ku Lesotho, Letsie III ndi chizindikiro cha umodzi wa fuko, boma amayendetsa ndi nduna yaikulu yochokera m'chisankho. Ku Eswatini, Mswati III ndi mwini mphamvu, nduna yaikulu amaisankha yekha. Uganda inatenga njira ina: mu 1993 inabwezeretsa Kabaka wa Buganda, Ronald Muwenda Mutebi II, ngati mfumu ya chikhalidwe yosalowerera ndale, mofananako ndi Inkosi ya Makosi Gomani kapena Lundu kwathu kuno.

Ndiye riferendamu yongofunsa kuti "mukufuna mfumu?" ine ndimaikana. Wovota ayenera kuuzidwa amene adzagwire thumba la boma, amene adzalamule asilikali, ndi njira yomuchotsera akalakwa, chifukwa mpando wobadwa nawo subwereranso kwa ovota pakatha zaka 5.

Kuno kwathu, gawo 196 la malamulo oyendetsera dziko limati zigawo zikuluzikulu sizingasinthidwe ndi aphungu okha popanda kufunsa anthu kudzera pa riferendamu. Wophunzira uja ndinamuuza kuti akawerenge gawo limeneli tisanakumane Lolemba.