Mandimu sangatsuke DDT m'thupi

Ku Thyolo ndi ku Luchenza kukuyenda uthenga pa WhatsApp wakuti aliyense amene anapoperapo mankhwala m'munda DNA yake (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) inawonongeka ndipo khansa imupeza basi, pokhapokha amwe mandimu osakaniza ndi adyo kuti "atsuke magazi". Limeneli ndi bodza, ngakhale pali kachoonadi pang'ono.

Mankhwala ena saola msanga, monga DDT, mankhwala ophera tizilombo, ndi dioxin, poizoni amene amatuluka mu utsi wakuda uja tikamatentha majumbo kudzala. Amakhazikika m'mafuta a m'thupi zaka zambiri, ndiye mandimu angawafikire bwanji? Chifukwa cha kusaola msangaku, mayiko anagwirizana ku Stockholm, ku Sweden, mu 2001 zowathetsa kapena kuwachepetsa.

Kafukufuku akusonyeza kuti mankhwalawa angasokoneze methylation. Apa timankhwala ting'onoting'ono timamatirira pa DNA n'kuzimitsa majini ena (tizigawo ta DNA tolamulira mmene thupi limagwirira ntchito), osasintha DNA yeniyeniyo. Jini yoletsa zotupa ikazimitsidwa, chiopsezo cha khansa chimakwera. Koma kukwera kwa chiopsezo sikutanthauza kuti munthu adwala ndithu: zimadalira mtundu wa mankhwalawo, kuchuluka kwake ndi zaka zimene akhala akulowa m'thupi. Komanso si mankhwala onse opopera amene ali m'gulu losaolali.

Mukaona chotupa chosatha, pitani kuchipatala akakuyezeni, osadikira adyo.