Acropolis: mpikisano umene wotsogola amapatsidwa tsache

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mu mpikisano wa magalimoto wa World Rally Championship, umene ambiri amangouti WRC, mwambi umenewu sugwira ntchito, chifukwa magalimoto sanyamukira limodzi. Imodzi imanyamuka, papite mphindi 2 kapena 3, inzake n'kutsatira, ndipo wopambana ndi amene nthawi zake zonse zikaphatikizidwa zachepa kuposa za anzake. Anthu amene amandipeza pagalaja tikuonera mpikisanowu amakonda kufunsa kuti, "Nanga poti msewu ndi umodzi, pali kusiyana kwanji kunyamuka woyamba ndi kunyamuka wachikhumi?" Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo kumaonekera bwino ku Acropolis Rally, m'mapiri a ku Greece.

Mpikisanowu ndi wakale. Unalipo kale pamene WRC imayamba mu 1973. Walter Röhrl anapambana koyamba mu WRC kumeneko mu 1975, Carlos Sainz chimodzimodzi mu 1990, ndipo mu 1982 mayi wa ku France, Michèle Mouton, anagonjetsa amuna onse ali mu Audi Quattro. Colin McRae wa ku Scotland anaupambana ka 5, ndipo mpaka pano palibe amene wamupeza. Itatha 2013 unachotsedwa pandandanda, n'kudzabwereranso mu 2021, magalimoto akukonzedwera mumzinda wa Lamia, pakatikati pa dzikolo.

Mpikisano wonse umagawidwa m'zigawo zotchedwa masiteji. Siteji ndi msewu umene watsekedwa kuti pasadutse wina aliyense, ndipo ndi pokhapo pamene nthawi imawerengedwa. Masiteji onse akaphatikizidwa amakwana makilomita cha m'ma 300, koma kuchoka pa siteji ina kupita pa ina, galimoto imayenda mumsewu wa anthu onse, ili ndi nambala yake, ikumvera malamulo a pamsewu ngati minibasi iliyonse. Maina a masiteji ena, monga Tarzan, Bauxites ndi Aghii Theodori, okonda masewerawa amawatchula mwaulemu ngati maina a mafumu.

Tsopano nkhani ya tsache ija. Msewu wa dothi ukauma, pamwamba pake pamakhala timiyala tambirimbiri tosagwirana ndi chilichonse. Aliyense amene anapalasapo njinga pamsewu umene gireda yangodutsa kumene akudziwa momwe tayala limaseserekera ukafuna kukhota. Pansi pa timiyalato m'pamene pali nthaka yolimba, ndipo tayala limagwira likafika pamenepo. Galimoto yoyamba imayenda pamwamba pa timiyala tonse, matayala anayi akuzungulira n'kumatitaya kumbali. Yachiwiri imapeza patayera pang'ono. Ikamafika yachisanu ndi chitatu, pamakhala pataoneka mizere iwiri yoyera, yolimba, imene dalaivala amangoikamo matayala ake. Mabuleki amagwira msanga, ndipo akaponda moto galimoto imapita kutsogolo m'malo movina. Pa kilomita imodzi kusiyanaku kumaoneka kochepa, kachigawo chabe ka sekondi. Koma tsiku limodzi limatha kukhala ndi makilomita opitirira 100, ndiye pofika madzulo woyamba uja amapezeka wataya masekondi ambiri asanalakwitse kalikonse.

Ndani amanyamuka woyamba? Lachisanu, amene akutsogola pa mapointi a chaka chonse. Ndiye kuti mphoto ya kuchita bwino m'mipikisano yam'mbuyo ndi kusesera anzako msewu. Loweruka zinthu zimatembenuka: amene ali pambuyo mu mpikisanowo ndiwo amayamba, wotsogola n'kubwera kumapeto kwa gulu la magalimoto akuluakulu. Lamuloli lasinthidwa kangapo ndipo silinasangalatsepo aliyense. Kale, pamene wotsogola madzulo ndiye ankayamba mawa lake, madalaivala ankachepetsa dala liwiro atatsala pang'ono kumaliza siteji yomaliza, aliyense kukana kukhala woyamba. Zinali zochititsa manyazi kuonera. Mu 2016, pamene wotsogola pa mapointi ankasesa masiku awiri, Sébastien Ogier anapambana ku Monte Carlo ndi ku Sweden, kenako n'kudutsa mipikisano 6 ya pa dothi motsatizana osapambana ngakhale umodzi. Anadandaula kwambiri, ndipo ine ndimati anali ndi mfundo, ngakhale kuti ukatswiri wa chaka chimenecho anautengabe. Okonza mpikisano amafuna kuti munthu mmodzi asathawe ndi mapointi chaka chisanafike pakati. Ndikuwamvetsa, koma tisamanamizane kuti Lachisanu anthu onse amapikisana pa msewu wofanana.

Woyamba ali ndi chinthu chimodzi chomutonthoza: kutsogolo kwake kulibe fumbi. M'zigwa za m'mapiri, m'mawa kopanda mphepo, fumbi limatha kuima m'malere kwa nthawi yaitali, ndipo wobwera m'mbuyo amalowa m'menemo osaona ngakhale m'mphepete mwa msewu. N'chifukwa chake nthawi zina amatalikitsa mpata pakati pa magalimoto.

Masiteji ambiri amadutsidwa kawiri pa tsiku, ndipo ulendo wachiwiri ndi nkhani ina. Pamenepo pamakhala patadutsa magalimoto makumi angapo. Timiyala tija tapita, mizere ija yasanduka ngalande, thanthwe limene linali pansi latulukira poyera ndi mano ake, ndipo m'makona magalimoto afukula miyala ina yaikulu ngati mpira n'kuisiya pakati pa njira. Ku Greece vuto silikhalanso kutsetsereka, limakhala kuswa galimoto.

Apa m'pamene ntchito yathu ya umakanika imaonekera. Galimoto ya pa dothi timaikweza m'mwamba, mashoko ake amakhala ofewa ndi otha kutambasuka kwambiri kuti tayala lisachoke pansi, ndipo kunsi kwa injini kumamangidwa chitsulo chochindikala chotchinga miyala. Marimu ake ndi a mainchesi 15, pomwe pa phula amavala a 18. Chifukwa chake n'chakuti tayala la rimu yaing'ono limakhala ndi nthiti zazitali, zimene zimameza nkhonya ya mwala. Koma rimu ikachepa, chimbale cha buleki chokwana m'kati mwake chimachepanso: mamilimita 300 pa dothi, 370 pa phula. Ndiye taganizani mtsetse wautali wotsika phiri, kona pambuyo pa kona, phompho lili kumbali, galimoto yolemera kupitirira tani imodzi ikuimitsidwa ndi zimbale zazing'onozo. Mabuleki akatentha mopitirira, phazi limangolowa pansi ngati waponda phala.

Kutentha ndi mdani wina, ndipo anthu amadabwa ndikawauza kuti kuyenda pang'onopang'ono ndi kumene kumawotcha injini. Ku Finland, kumene misewu ndi yosalala, wopambana amayenda makilomita opitirira 120 pa ola tikatengera mpikisano wonse. Ku Greece amakhala cha m'ma 80. Injini ya malita 1.6 yokhala ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, imakhala ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse m'magiya ang'onoang'ono pokwera chitunda, koma mphepo yolowa mu radiyeta ndi yochepa chifukwa galimoto siikuthamanga, ndiponso mphepoyo ndi yotentha kale. M'kati mwa galimoto kutentha kumapitirira madigiri 50, anthu awiri atavala zovala zochindikala zosagwira moto ndi zipewa zolimba. Mapiri amachepetsanso mpweya. Zimenezi zinkaoneka kwambiri ku Rally Mexico, m'dera la Guanajuato, kumene misewu imakwera kupitirira mamita 2,700, pang'ono chabe kutsikira nsonga ya Sapitwa, ndipo injini inkataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake.

Kunena za matayala, kale ankaikamo chinthu chonga siponji m'kati, chimene chinkafufuma tayala likabooka, galimoto n'kumapitabe. Anachiletsa kuyambira 2008. Lero tayala likaphwa pa siteji, dalaivala amayenera kusankha msanga: apitirire pa rimu, n'kutheka kuwononga shoko ndi buleki, kapena aime asinthe. Iye ndi mnzake amatha kusintha tayala m'mphindi zosakwana ziwiri, wina ali pa jeke wina pa mabawuti. Pamafunikanso kusankha m'mawa ngati anyamule tayala limodzi la sipeya kapena awiri. Lachiwirilo ndi katundu wolemera amene amadya nthawi pa kilomita iliyonse, koma ku Acropolis wonyamula limodzi ndiye kuti akutchova njuga. Kuyambira 2025 matayala onse ndi a Hankook, amene analowa m'malo mwa Pirelli, ndipo chiwerengero cha matayala amene galimoto ingagwiritse ntchito mpikisano wonse n'choikika.

Munthu wokhala kumbali kwa dalaivala uja si wongokwera. Masiku ochepa mpikisano usanayambe, awiriwo amaloledwa kudutsa siteji iliyonse kawiri kokha, m'galimoto wamba, pa liwiro lochepa. Dalaivala amanena zimene akuona, mnzakeyo akulemba m'kope: kona ikupita kuti, ndi yothina bwanji, kuchoka pamenepo mpaka kona ina ndi mamita angati, paseri pa chitunda pali chiyani. Tsiku la mpikisano amamuwerengera zonsezi kudzera m'zipewa, kona isanafike. Akachedwa ndi sekondi imodzi, mawuwo alibenso ntchito. M'kope la ku Greece, mawu amene amabwera pafupipafupi ndi ochenjeza kuti asadule kona, chifukwa m'kati mwake muli mwala wobisala mu udzu. Koma kopelo limanena za msewu wa Lachiwiri kapena Lachitatu. Mwala umene galimoto yakutsogolo yaugubuduza mphindi zitatu zapitazo mulibemo.

Wosesa msewu amapempherera mvula, chifukwa dothi likanyowa timiyala timagwirana ndipo woyamba ndiye amapeza msewu wabwino, obwera m'mbuyo n'kupeza phala. Mu September 2023 mvulayo inabwera yoposa imene munthu angapemphe. Namondwe wotchedwa Daniel anamiza dera la Thessaly, anthu anafa, ndipo ku Lamia kuyeserera magalimoto komaliza mpikisano usanayambe kunalephereka. Walira mvula walira matope. Kalle Rovanperä wa Toyota, amene ankatsogola pa mapointi ndipo ankayamba Lachisanu, sanataye nthawi yochuluka. Loweruka Thierry Neuville akutsogola anathyola mwendo wa kutsogolo wa Hyundai yake, Ogier n'kutenga malo oyamba, koma naye pa siteji yomaliza ya tsikulo matayala awiri anaphwa ndipo mwendo wa kumbuyo unawonongeka. Rovanperä anapambana.

Galimoto ikalephera kumaliza tsiku imaloledwa kuyambiranso mawa lake, koma siteji iliyonse imene yaphonya imawonjezera mphindi 10, ndiye za kupambana zimakhala zatha. Amakanika amaigwira galimoto pa nthawi yoikika yokha, ndipo madzulo amakhala ndi mphindi 45. M'mphindi zimenezo amatha kusintha giyabokosi, mashoko onse anayi ndi mabuleki, ntchito imene pagalaja pathu imatenga masiku awiri, kuphatikizapo kukasaka zipangizo. Kunja kwa malo okonzerako, wololedwa kugwira sipanala ndi dalaivala ndi mnzake basi, ndi zida zimene anyamula. Zingwe zomangira katundu ndi tepi zapulumutsa magalimoto ambiri a ndalama zankhaninkhani.

Chaka cha 2024 chinali cha Neuville kusesa, popeza ndiye ankatsogola pa mapointi. Lachisanu m'mawa, pamwamba pa timiyala, injini yake inayambanso kudumphadumpha, ndipo anatsalira. Ogier, amene ankathamanga kuposa onse, turbo inamuvuta tsiku lomwelo. Loweruka matayala anayamba kuphwa kwa amene anali kutsogolo, Ott Tänak ndi Dani Sordo, ndipo Neuville, amene ankazemba mwala uliwonse, anapezeka ali pamwamba. Lamulungu, pa siteji yomaliza imene imapereka mapointi 5 apadera kwa wothamanga kwambiri, Ogier anagubuduza Toyota yake. Hyundai inatenga malo atatu onse oyamba, Neuville, Sordo, Tänak, monga inachitiranso mu 2022, ndipo mu November ku Japan Neuville anakhala katswiri wa dziko lonse koyamba, atamaliza pa nambala 2 ka 5 m'zaka zam'mbuyo.